Mafuta pa Mitengo ya Golo

Ngolo zinali zitandanda kale pamzele, ng'ombe zikupumila m'mwamba, pamene a Bernadette anawakokanso malaya amuna awo.

"Awisi Christabel, munati tikubwela kudzaona mng'ono wanga wodwala. Pa ng'ombe zili apazi, wodwalayo ndi uti?"

A Jethro Mumba sanacheuke n'komwe. Mwendo umodzi unali utaponda pampanda wa nsungwi, vuvuzela ili kukhwapa, maso ali pa ngolo.

"Tipita, anyina mwana. Izi ndi za kanthawi chabe."

Kanthawi ka a Mumba ndiye musakamvele. Ku Kalindawalo konse palibe amene sadziwa matenda a bambo ameneyu. Mpila wa ana a sukulu, alipo. Anyamata akamapikisana panjinga, alipo. Ngakhale atambala awili ayambane pabwalo, a Mumba amaika khasu pansi n'kusankha wawo. Ndiye atangomva kuti pa chionetselo cha alimi ku Nyimba pakhala mpikisano wa ngolo pa Chiwelu, mwadzidzidzi mtima unawagwila ndi chifuwa cha mlamu wawo wa ku Nyimba komweko. Anawadzutsa akazi awo m'mamawa n'kukwela nawo minibasi. A Bernadette anaona ndi maso awo njila yokhotela ku boma la Petauke ikutsala m'mbuyo, ndipo kuyambila pamenepo mtima wawo sunakhalenso pansi.

Chimene chinkawawawa chinali m'chikwama chawo: magolovesi a mwana wawo. Christabel ankaphunzila uphunzitsi pa koleji ina ku Petauke, ndipo ndiye anali wapagolo wa timu ya atsikana. Pa Sondo masana kunali mpila womaliza wa makoleji. Kunkabwela amai ena ochokela ku Chipata, a Yvonne Zulu, kudzasankha osewela a timu ya chigawo yopita ku Lusaka, ndipo malo a wapagolo anali atatsala amodzi. Kwa Christabel chinali chaka chomaliza pa koleji. Akalephela ulendo uno, kunalibenso ulendo wina. Golovesi imodzi inali itang'ambika pachala, ndiye anatumiza onse kwa amake kuti asoke. A Bernadette anasoka bwinobwino n'kulonjeza kuti afika nawo pa Chiwelu, mwana awayeseze asanalowe nawo m'bwalo. Chiwelu chake ndiye chinali chimenechi, iwo ali m'fumbi la ku Nyimba kuonelela matako a ng'ombe.

"Taonani za a Alberto," anatelo a Mumba. "Lelo kulibe wina."

A Alberto anali mnzawo wakale, mlimi wa kufupi ndi Minga. Makolo awo anachokela ku Mozambiki nthawi ya nkhondo n'kukhazikika konkuno. Ng'ombe zawo zinali zonenepa, ina yakuda, ina yamawanga. Koma mbendela itatsala pang'ono kugwa, yakudayo inayamba kubwelela m'mbuyo, n'kupukusa mutu, kenako inangogwada pansi. Inzake nayo inaima njo. Anthu anayamba kung'ung'udza.

"Zamangidwa zimenezo," anatelo bambo wina amene anali pafupi. "Pali munthu wazipondela."

A Mumba anavomela ndi mutu mwamphamvu, ngati anamuona munthuyo.

A Alberto sanathamange. Anatsika pangolo, anapisa m'thumba, n'kutulutsa mchele m'dzanja. Yakuda ija inanyambita, inanyambitanso, n'kudzuka. Kenako anatulutsa kachitini pansi pa mpando, anagwada, n'kupaka zoyela pachitsulo chimene teyala limazungulilapo. Mbendela itagwa, ngolo yawo inanyamuka mochedwa, koma pofika pokhotela inali itapitilila zinzake zonse kupatula imodzi. Imodziyo anaipeza pafupi ndi mapeto, fumbi lili koboo, woyendetsa wake akukwapula ng'ombe mopanda nzelu. A Alberto sanakweze chikwapu n'komwe. Anadutsa akuimba mluzu.

A Mumba analiza vuvuzela m'khutu mwenimweni mwa akazi awo, n'kulumpha mpanda. A Bernadette anachita kuzungulila kuchipata kuti awapeze, chitenje chitafiila ndi fumbi. Anawapeza atamugwila mnzawoyo paphewa.

"Achimwene, ndiuzeni ine ndekha. Mwamasula bwanji?"

"Kumasula chiyani?" anafunsa a Alberto. "Ng'ombe yachita mantha ndi mavuvuzela anuwo. Mchele imaukonda, ikanyambita imaiwala."

"Nanga zoyela zija?"

"Mafuta a nkhumba. Gilisi ananditha, ndiye teyala linali kulila njila yonse."

"Eee, teyala," anatelo a Mumba akutsinzina diso limodzi. "Ndamva. Teyala. Ife a mpila timadziwa kuti mankhwala amaopa zinthu ziwili, nkhumba ndi mchele. Koma inu pitilizani kunena za teyala."

A Alberto anaseka n'kuwayang'ana a Bernadette, ngati akufunsa kuti amakhala naye bwanji munthu ameneyu. A Mumba atapempha kachitiniko, anawapatsa.

"Tengani otsalawo mukapake tcheni cha njinga. Amai, amuna anuwa muziwamwetsa madzi, dzuwa lawakwela kumutu."

"Dzuwa linawakwela ndisanawadziwe," anayankha a Bernadette. "Awisi Christabel, zimenezo simuika m'chikwama changa. Muli magolovesi a mwana muno."

A Mumba anaika kachitini m'thumba la jekete, pamodzi ndi kapepala ka mchele kamene anagula pa tebulo la amai ogulitsa mbatata.

Mpikisano sunali umodzi. Kunabwela wa abulu, kunabwela wa amai oyendetsa ngolo, kenako a Mumba anati sangachoke asanaone a Alberto akulandila khasu la ng'ombe limene anapambana. Pamene ankafika kwa wodwala uja dzuwa linali litapendeka, ndipo wodwalayo anamupeza akuwaza nkhuni, chifuwa chitatha kalekale. Za minibasi yobwelela tsiku lomwelo panalibenso. Foni ya a Bernadette inalila ali pakhonde.

"Amama, muli kuti?" Anali Christabel. "Ndakhala ndikuyang'ana kuchipata kuyambila masana."

"Tili ku Nyimba, mwanangu."



"Ku ngolo zija, eti?"

"Tifika mailo, pa Sondo m'mawa. Magolovesi ndasoka, ali bwino."

"Chabwino. Koma amama, muwauze atata chinthu chimodzi. Mailo akhale pansi. Asakuwe dzina langa, asatukwane woyimbila, asauze anthu kuti ndine mwana wawo. Aonelele chabe ngati anthu ena onse. Ndikupempha."

A Bernadette anawauza amuna awo mawu onsewo osachotsapo ngakhale limodzi. A Mumba anakhumudwa kwambili. Anati mwana amene anamuphunzitsa okha kugwila mpila lelo akuwachitila manyazi. Anati akhala phee, mpaka anthu adabwe.

Za kumuphunzitsa zinali zoona, ndipo ndi zimene zimapweteka pankhaniyi. Christabel ali wamng'ono, a Mumba anamuzikila nsungwi ziwili kuseli kwa nkhokwe n'kumamuponyela mpila wa mapepala madzulo alionse. Anthu ankawaseka kuti akuwononga mwana wamkazi. Iwo sanamvele. Ndi iwo anamuuza kuti asanayambe kusewela azipeleka kaye moni kwa mitengo ya golo, chifukwa m'bwalo monse ndi yokhayo imene imakhala naye kumbuyo. Kuyambila pamenepo Christabel akalowa pagolo amamenya mtengo wa kumanzele ndi manja onse awili, n'kupita kukamenya wa kumanja, kenako n'kuwomba m'manja. Sanaphonyepo.

Pa Sondo m'mawa minibasi inachita zake. Inaima pa Nyimba kudikila kudzala, inazungulila msika kufuna anthu, inakaimanso pa Minga kudikila bambo amene ankamanga matumba a mtedza. A Bernadette sanalankhule ndi amuna awo njila yonse. Ku misa anali atajomba, chakudya sichinalowe, chikwama anachigwila pachifuwa. Pamene ankalowa pabwalo la mpila ku Petauke, matimu anali atavala kale. Christabel anathamangila kuchingwe chimene chimatchinga oonelela, atavala magolovesi obwelekela kwa anyamata, akulendewela ngati masokosi a munthu wina.

Sanapeleke moni. Anavula obwelekawo, anavala ake, n'kupinda zala kuyesa pamene anasoka amake.

"Zikomo, amama," anatelo. Kenako anawayang'ana atate ake. "Atata, mwamva zimene ndinanena?"

"Ndamva, amai," anayankha a Mumba. "Vuvuzela iyi ndapeleka kwa anyoko."

Anaipelekadi. A Bernadette anaikhalila.

Christabel anapita pagolo ya kumbali ya msewu. Anamenya mtengo wa kumanzele, anamenya wa kumanja, n'kuwomba m'manja. A Mumba anawagunyuza akazi awo ndi chigongono, nkhope ili ngwee, koma pakamwa anatseka.

Alendo anavala zachikasu. Wapagolo wawo anali mtsikana wamtali, dzina lake Charity, ndipo aliyense ankadziwa kuti malo aja akulimbilana ndi awiliwa. A Yvonne Zulu anakhala pampando pakati pa bwalo, ataphimba ambulela, osaseka ndi munthu. Charity polowa pagolo yake anaika kathaulo ndi botolo la madzi pakona ya ukonde.

Mpila unayamba bwino. Atsikana a koleji ya Christabel anawapanikiza alendo kumbali kwawo. Wina anamenya, mpila unagunda mtengo n'kubwelela. Wina anaumenya ndi mutu, unagunda mtengo wapamwamba. Wina anatsala yekha ndi golo, n'kuutumiza kumitengo ya mango. Nthawi iliyonse Charity ankapita pakona paja, n'kupukuta nkhope ndi kathaulo. Alendo atangopeza mpata umodzi anabwela mwaliwilo, wakutsogolo wawo n'kumenya mpila wamoto wolunjika pakona. Christabel anauluka n'kuugwila, osaukankha, kuugwila ndithu n'kugwa nawo. Bwalo lonse linaimilila. A Bernadette anaona a Zulu akupendeketsa ambulela, akuloza Christabel, n'kufunsa kanthu kwa mphunzitsi amene anali pambali pawo.

Zikanangopitilila choncho, bwenzi nkhani ino kulibe. Koma mpila unagundanso mtengo wa Charity, ndipo kumbuyo kwa a Mumba anthu anayamba.

"Golo iyo yamangidwa."

"Kathaulo ako si kachabe. Mwaona mmene akukagwilila?"

"Tingasewele mpaka mailo, sulowa."

A Mumba anayamba kusuntha pabenchi ngati pali linthumbu. Dzanja linalowa m'thumba la jekete. A Bernadette anawagwila mkono.

"Musayese. Mwana wakupemphani."

"Sindikuwa dzina lake."

"Ndati musayese, awisi Christabel. Ndinu munthu wa mu mpingo inu. Kathaulo ndi kopukutila thukuta."

"Nanga ng'ombe ya a Alberto inadzuka ndi chiyani?"

"Inadzuka ndi miyendo yake."

Nthawi yomweyo mtsikana wina wachikasu anagwa pakati pa bwalo atagwila bondo. Woyimbila anaimitsa mpila, osewela onse n'kuunjikana pamenepo, Charity naye anachoka pagolo kukaona mnzake. Mwana wa amai amene anakhala pafupi anatayila a Bernadette maheu pachitenje, iwo n'kusiya mkono uja kuti asase. Pamene ankadzutsa mutu, malo a amuna awo anali opanda munthu.

Bambo wamkulu, wa imvi m'mbali mwa mutu, ankathamanga m'bwalo jekete likuuluka. Anafika pagolo ya Charity, anapisa dzanja lonse m'kachitini, n'kupaka mtengo wa kumanzele kuchokela pamwamba kutsika. Anathamangila wa kumanja n'kuchita chimodzimodzi. Kenako anang'amba kapepala kaja n'kumwaza mchele pamzele wonse, ndipo pomaliza anakankha kathaulo ndi phazi. Kathauloko kanatambasuka pansi. Munalibe kalikonse.

Ochemelela a kwawo anakuwa mokondwa. Alendo anadzuka ndi ukali, ena atatola kale miyala. Anyamata osunga bata anawagwila a Mumba uku ndi uku, ndipo pamene ankawakoka, bambo amene analonjeza kukhala phee anakuwa kuti bwalo lonse limve.

"Ndisiyeni! Ine ndine Mumba, wapagolo uyo ndi mwana wanga. Simungamubele mwana wanga ndi mankhwala ine ndilipo."

Kumbali ina ya bwalo Christabel anangoima, manja ali m'chiuno. A Zulu anatembenuka n'kumuyang'ana, kenako anayang'ananso a Mumba. Woyimbila anaona wochi yake, anaona chipwilikiti, n'kuliza wezulo kuti akapume.

Apa ndi pamene bambo wina wogulitsa nzimbe anafunsa mosakweza mawu, "Koma akabwelako si asinthana mbali?"

Phokoso la kukondwa lija linazima. Kenako wina anaseka, kuseka n'kufalikila mabenchi onse mpaka kwa alendo. Munthu amene waonelela mpila kuyambila asanamele ndevu, amene amadziwa maina a osewela a mayiko amene sanapondeko, anaiwala chinthu chimene mwana wa giledi wani amadziwa. Golo imene anati waimasula inali yoti aimemo mwana wake.

Anyamata aja anawakhazika a Mumba pansi pafupi ndi chipata, wina atawagwila kolala. A Bernadette anapita komweko. Anyamatawo anafuna kuwapeleka kupolisi, ndipo zinatengela a Bernadette kuchondelela, kutchula mpingo, kutchula msinkhu wa amuna awo, kuti awasiye. M'bwalo munthu wina anathyola nthambi n'kusesa mchele uja pamzele. Mchele aliyense anauona. Koma mitengo ya golo inali yopakidwa penti yoyela, ndipo mafuta a nkhumba nawo ndi oyela. Palibe anaganiza zopukuta.

A Bernadette anakumbukila za mafutawo ataona kachitini kopanda kanthu kali pansi pambali pa amuna awo. Anacheuka. Matimu anali atabwelela kale, ndipo Christabel ankayenda kulowela kugolo ija, mutu uli pansi, osayang'ana kumabenchi kumene anthu ankamuloza. A Bernadette anathamanga m'mbali mwa chingwe akuitana dzina la mwana wawo. Mavuvuzela anali atayambanso. Ndipo ngakhale akanamva, tsiku limenelo Christabel anali atatsimikiza kuti aliyense woitana dzina lake samucheukila.

Anamenya mtengo wa kumanzele ndi manja onse awili. Anamenya wa kumanja. Anawomba m'manja, n'kuima. Anayang'ana zikhatho zake, anazinunkhiza. Anapukutila pakabudula, anawelama n'kupukutila padothi, koma wezulo inali italila kale ndipo achikasu ankabwela.

Sunali mpila woti munthu n'kuutchula. Wosewela wa kumbali anangouponya m'mwamba mopanda mphamvu, wotsika pang'onopang'ono, wa mtundu umene Christabel ankagwila kuseli kwa nkhokwe asanayambe sukulu. Anatuluka bwino, analumpha bwino, manja onse awili anaufikila. Mpila unapulumuka pakati pa magolovesi, unamugunda paphewa, n'kugubuduka okha kulowa muukonde.

"Atate ake atsegula chitseko," anakuwa wina kumabenchi, anthu n'kuseka. Ena sanaseke, anatukwana. Amai ena anati banja lonselo lagulidwa ndi alendo.

Christabel anavula magolovesi n'kuwaponya kuseli kwa golo. Mpila wonse wotsala anasewela ndi manja chabe. Anatchinga ina yoopsa, chala chimodzi chinatupa mpaka osapindika, koma sanapemphe kutuluka ndipo sanalole chigoli china. Anzake kutsogolo anayesa, osaphula kanthu. Golo inayo, imene palibe anaipaka kalikonse, nayo inakana. Mpila unatha alendo atapambana ndi chigoli chomwecho.

A Zulu anapinda ambulela n'kuitana atsikana angapo pakati pa bwalo. Anaitana awili a kwa Christabel, anaitana ena achikasu. Pomaliza anaitana Charity.

A Bernadette anali atatola magolovesi aja. Anapita nawo kwa a Zulu pamene ankalowela kugalimoto, n'kugwada pafumbi pomwepo, anthu akuona.

"Amai, pepani. Ine ndine make wapagolo uja. Tanunkhizani izi. Si manja ake anagwetsa mpila. Ndi mafuta amene anapaka atate ake."

A Zulu anawadzutsa kaye, kenako anatenga golovesi imodzi n'kuiyandikiza kumphuno. Anakwinya nkhope.

"Ndamva, amai, ndipo ndikukhulupililani. Mwana wanu ali ndi manja. Koma winayo sanagwetse mpila, ndipo sanalakwe kalikonse. Ndimuuze kuti chiyani, kuti atsale chifukwa atate a mnzake anabwela ndi nkhumba? Ayesenso chaka cha mawa."

"Chaka cha mawa adzakhala atamaliza koleji."

A Zulu anabweza golovesi ija.

"Ndiye pepani," anatelo, n'kulowa m'galimoto.

Christabel anamupeza pampopi kuseli kwa mabenchi, atalowetsa chala chotupacho m'madzi. Sanali kulila. A Mumba anabwela pambuyo pa akazi awo, kolala itang'ambika, dzanja lamanja likunyezimila mafuta.

"Mwanangu," anayamba, "ine ndinaona kuti akukubela. Mipila yonse ija kugunda mitengo..."

"Ndani anandibela, atata?"

"Ndimafuna kukuthandiza."

"Ndinakupemphani thandizo? Ndinakupemphani chinthu chimodzi. Kukhala pansi. Agogo okalamba amakhala pansi, ana amakhala pansi, ngakhale oledzela lelo anakhala pansi. Inu nokha." Sanakweze mawu. "Magolovesi mwabwela nawo mochedwa chifukwa cha ng'ombe za eni, ndinakhala chete. Amai aja anali atandiona. Ndinawaona akundiloza. Chinatsala n'kuti ndimalize mpila basi."

"Ndinaiwala zoti musinthana."

"Ndiye mukanakumbuka, mukanamupaka Charity? Kuti agwetse iye, ine ndipite ku Lusaka ndi mafuta a nkhumba? Ndi zimene munandiphunzitsa kuseli kwa nkhokwe?"

A Mumba anayang'ana akazi awo kufuna thandizo. A Bernadette anali ndi mawu ambili amene anawasunga kuyambila ku Nyimba, okwana kuwatukwana mpaka kufika ku Kalindawalo, koma anaona kuti mwana wanena kale zonse. Anangowapatsa vuvuzela yawo, imene inali itaphwanyika poikhalila.

Christabel anatseka mpopi.

"Atata, ndinu atate anga, ndipo kunyumba ndizibwela. Koma kulikonse kumene ine ndikusewela, musadzalowenso. Kaya ndi pano, kaya ndi kusukulu kumene ndikaphunzitse. Mukalowa, ine ndituluka."

Anatenga magolovesi m'manja mwa amake n'kupita kwa anzake.

Mayeso omaliza atayandikila, koleji inakonza mpila wotsanzikana pabwalo lomwelo. A Mumba anapukuta njinga, anakweza akazi awo kumbuyo, n'kupalasa mpaka ku boma osalankhula za mpila ngakhale kamodzi. Atafika pachipata anatsika, anapeleka chikwama kwa a Bernadette, n'kukankhila njinga pansi pa mtengo pamene anthu amasiya zawo. Mpanda wa malata unali wautali. Anakhala pamuzu.

Mkati anthu anakuwa, anakhala chete, anakuwanso. Bambo wina wodutsa ndi mtolo wa makala anawazindikila.

"A Mumba, lelo muli panja? Wagoletsa ndani?"

"Sindidziwa," anayankha.

Mpila utatha a Bernadette anatuluka ndi khamu la anthu. Anawauza kuti apambana, kuti mwana wagwila yonse, kuti palibe wadutsa. A Mumba anagwedeza mutu, akumasula loko wa njinga. Anachedwa naye lokoyo kuposa masiku onse.

"Nanga poyamba paja," anafunsa osadzutsa mutu, "mitengo anaipatsa moni?"

A Bernadette anakonza chitenje chawo. Anaganiza zonama, koma anali atatopa ndi mabodza a ulendo uja.

"Ayi," anatelo. "Anangolowa n'kuima pakati."

A Mumba sanakwele. Anaigwila njinga pamahandulo n'kuyamba kuikankha kulowela kumsewu, akazi awo akuyenda pambuyo.